Zitsononkho za chimanga zingasunge magetsi?

Zingathe, koma osati monga zilili. Zitsononkho, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga ngakhale zikamba za makademiya a ku Thyolo zimayamba zawotchedwa m'ng'anjo yotseka, mopanda mpweya, pa madigiri 400 mpaka 600. Madzi ndi utsi zimachoka, n'kutsala makala. Mpaka apa sitinasiyane kwenikweni ndi amene amawotcha makala ogulitsidwa mumsika wa Ndirande.

Kusiyana kumabwera pa kuwotcha kwachiwiri. Makala aja amasakanizidwa ndi mankhwala otchedwa potassium hydroxide, kapena amapopedwa nthunzi, pa madigiri 700 mpaka 900. Mankhwalawo amadya makalawo m'kati ndi kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoti timachuluka kwambiri moti makoma a timabowo ta m'galamu imodzi yokha amakhala ndi malo opitirira masikweya mita 1,000. Mutayala m'kati mwa magalamu asanu kapena asanu ndi awiri, mukhoza kukuta bwalo losewerera la Kamuzu Stadium.

Malo amenewa ndiwo chuma chake. Mu chipangizo chosungira magetsi chotchedwa supercapacitor, makalawa amamatidwa pa timapepala tiwiri tachitsulo, pakati pali madzi a mchere wapadera. Mukalumikiza magetsi, ma ion a mumcherewo, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, amathamangira m'timabowo ndi kukakamira m'makoma mwake. Palibe chimene chimasungunuka kapena kusintha monga zimachitikira m'batire, n'chifukwa chake chipangizochi chimadzaza m'masekondi ochepa ndipo chimapirira kudzazidwa maulendo mazana a masauzande.

Komatu tisanamizane. Pa kilogalamu imodzi, supercapacitor imasunga mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi batire ya lithium, nthawi zambiri yosafika gawo limodzi mwa magawo khumi. Magetsi akathima ku Chilomoni, siingayendetse firiji usiku wonse. Ntchito yake ndi kupereka mphamvu yambiri mwadzidzidzi, monga polizitsa pampu ya sola, kuti batire isavutike.

Makala ambiri a m'zipangizozi padziko amachokera ku zikamba za kokonati, chifukwa n'zolimba ndipo phulusa lake n'lochepa. Pa chifukwa chomwecho, ine ndimaona kuti makademiya ndiwo oyenera kuyesedwa koyamba m'malabu athu, monga a ku yunivesite ya MUBAS. Mankhusu a mpunga ali ndi silica wambiri (chinthu chimene chimapanga mchenga) amene amafunika kuchotsedwa. Ndipo chimene chimadya ndalama si zinyalalazo ayi, koma mankhwala, moto wa ng'anjo ndi kutsuka makalawo ndi asidi mpaka phulusa litatha.