Zoganizira mavuto a dziko asanafike zinachokera kuti?

Anthu ambiri akamva kuti maboma ena ali ndi anthu olembedwa ntchito yongoganizira za mawa amaona ngati ndi zaulosi, koma ayi ndithu, nkhaniyi ili ndi mbiri yake ndipo inayambira kunkhondo. M'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Cold War, mkangano wa America ndi Soviet Union, ku America kunali Herman Kahn wa ku RAND Corporation, bungwe lochita kafukufuku wothandiza asilikali a dzikolo, iyeyu ankalemba nkhani zingapo zosiyana za mmene nkhondo ya mabomba a nyukiliya ingayambire ndi kuthera, kuti akuluakulu a asilikali asamangokakamira njira imodzi. Ena ankamunena kuti ndi wouma mtima poti ankawerengera anthu akufa ngati masamu.

Kenako kampani ya mafuta ya Shell inatengera nzeruyi. Pierre Wack ndi anzake anauza mabwana awo chakumayambiriro kwa ma 1970 kuti taganizani, bwanji mayiko opopa mafuta atangoti basi mtengo tizinena ndife? Mu 1973 zinachitikadi, mtengo wa mgolo unachoka pa madola atatu kufika cha m'ma 12, ndipo a Shell sanadzidzimuke ngati anzawo poti m'mutu mwawo anali atadutsamo kale.

Koma ine yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ku South Africa. Mu 1991 ndi 1992, Mandela atangotuluka kundende dziko lisakudziwa kolowera, anthu 22 anakumana ku Mont Fleur, malo ochitira misonkhano pafupi ndi tauni ya Stellenbosch, andale, azachuma, abizinesi, ena oti sankamwerana madzi n'komwe, ndipo Adam Kahane wochokera ku Shell komweko ndi amene ankawongolera zokambiranazo. Sanakanganirane zoti wolakwa ndani, anangofunsana kuti pofika 2002 dzikoli lingakhale lotani. Anatuluka ndi nkhani zinayi. Ya Ostrich, nthiwatiwa yobisa mutu mumchenga, boma la azungu likukana kukambirana. Ya Lame Duck, kusintha kochedwa ndi boma lopanda mphamvu. Ya Icarus, boma latsopano lomwaza ndalama pofuna kusangalatsa aliyense mpaka chuma kugwa. Ndiye ya Flight of the Flamingos, kuuluka kwa mbalame zotchedwa flamingo, onse kunyamuka pang'onopang'ono koma limodzi. Ya Icarus ija inawalowa mumtima anthu a ANC, ndipo Trevor Manuel wa chipanichi yemwe analipo pa zokambiranazo anadzakhala nduna ya zachuma mu 1996.

Pano mayiko ambiri ali ndi magulu oganizira za mawa otere, Finland ili ndi komiti ya za m'tsogolo mu nyumba ya malamulo kuyambira 1993, Singapore inakhazikitsa Centre for Strategic Futures mu 2009.

Chomwe chimandiwawa ndi cha ku Britain. Mu 2008 anatulutsa koyamba National Risk Register, mndandanda wa zoopsa zomwe zingagwere dziko, ndipo mliri wa chimfine unali pamwamba penipeni. Mu 2016 anachita kuyeserera mliri pa zomwe anazitcha Exercise Cygnus, zotsatira zake zinaonetsa poyera kuti sanakonzeke mokwanira, koma lipotilo linangosungidwa osalitulutsa mpaka mu 2020 COVID-19 itapha kale anthu masauzande. Kafukufuku wa boma wotsogoleredwa ndi Heather Hallett anadzapeza mu 2024 kuti dzikolo linakonzekera mliri wolakwika, maso onse anali pa chimfine basi, osaganizirako kuti kachilombo kena kangabwere mwa mtundu wina.