Kodi Let It Be ndi nyimbo ya tchalitchi, Black Sabbath ndi ya satana?

Ife ophunzitsa nyimbo timadziwa kuti khutu limaweruza mlandu msanga, mawu asanamveke nkomwe. Munthu akamva piyano yofatsa ndi oogani akuti iyi ndiye yauzimu, akamva gitala yokalipa akuti zimitsani za satanic izo. Koma mu rock yakale ija ya m'ma 1960 ndi 1970 kaweruzidwe kameneka kamakuphonyetsa kwambiri, nthawi zina zinthu zimakhala motembenuka kumene.

Tengani Let It Be ya The Beatles, inatuluka 1970. Imamveka ngati ya kwaya ndithu, ndipo sizodabwitsa chifukwa pa oogani panali Billy Preston, munthu amene anakulira mu gospel. Ndiye poti mukutchulidwa mayi Mary anthu ambiri, makamaka akatolika, amangoti ndi Amayi Maria basi. Koma Paul McCartney wa mu bandiyo, amene analemba nyimboyi, amanena za mayi ake omubereka, Mary McCartney, anali namwino komanso mzamba ku Liverpool, anamwalira ndi khansa mu 1956 Paul ali ndi zaka 14. Patapita zaka zoposa 10, bandi ili pa mikangano, ndalama zasokonekera, anzake sakumvana, iye analota mayi akewo akumulimbitsa mtima kuti zikhala bwino. Ndiye nyimboyo ndi ya mwana wamasiye amene wakula koma akufunabe mayi ake. Kodi zikatero uzimu wathamo? Ine ndimati ayi, kulota malemu akukutonthoza ndi nkhani yauzimu yeniyeni, kungoti si ya katekisimu. Paul mwini wake sanakanize anthu kuimva mwa chipembedzo.

Pomwe pamandisangalatsa ndi pa Black Sabbath. Anyamata anayi a ku Birmingham, dzina analitenga ku filimu yoopsa ya 1963, ndipo kulira kolemera kwa gitala kuja mbali ina kunabwera ndi ngozi, woimba gitala wawo Tony Iommi anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina ku fakitale ndiye amavala tizipewa ta pulasitiki ku zalako nkumamasulako mawaya kuti asamapweteke. Anthu anamva mdima. Koma amene amalemba mawu ambiri, Geezer Butler, anakulira m'banja la chikatolika lochokera ku Ireland, ndipo pa chimbale cha 1971 cha Master of Reality pali nyimbo ya After Forever imene ikumufunsa womvera ngati anaganizirapo za mzimu wake akadzafa, nkumadzudzula anthu oseka okhulupirira Mulungu. Mutawalemba mawu amenewo papepala osanena mwini wake, abusa ena akhoza kulalikira nawo pa chitsitsimutso. Satana amatchulidwa mu nyimbo zawo zina inde, koma kawirikawiri ngati chinthu choopsa choti uthawe, ndiye funso lofunika nloti akuyankhula mu nyimbomo ndani, woimbayo kapena munthu amene akumusewera ngati pa sewero.

Za Stairway to Heaven ya Led Zeppelin sindichedwapo. Mu 1982 pa TV ya Trinity Broadcasting Network ku America ananena kuti ukaizungulitsa chobwerera mumamveka mawu otamanda satana, woimba wa bandiyo Robert Plant anakana. Mphekeserayo inagwira moto chifukwa woimba gitala wawo Jimmy Page anali atagula ku Scotland nyumba yakale ya Aleister Crowley, munthu amene anatchuka ndi zamatsenga, zimenezo nzoona. Koma mu 1985 akatswiri awiri a ku Canada, John Vokey ndi Don Read, anaonetsa kuti mu phokoso la chobwerera anthu amamva mawu pokhapokha wina atawauziratu choti amve. Yesani nokha, osawerenga kaye zolembedwa pa YouTube paja, mungomva phokoso.

Ilipo ina yomwe mwini wake amapempheradi, My Sweet Lord ya George Harrison wa The Beatles, 1970. Imayamba ndi aleluya, munthu umatsatira bwinobwino mpaka kuimba nawo, kenako oyankhira aja amasintha nkuyamba kutchula Hare Krishna, kumapeto kuli pemphero la chihindu la mu Sanskrit. Harrison anachita dala, amafuna kuonetsa kuti kwa iye onsewo akuitana Mulungu mmodzi. Mukhoza kutsutsana naye pa chiphunzitsocho, akhristu ambiri amatsutsadi, koma palibe chomwe anabisa chobwerera, zonse zili poyera kuyambira cha pakati pa nyimboyo, anthu sitimamvetsera mpaka kumeneko basi.