Kutentha kwa m'tauni sikutha dzuwa likalowa

M'mwezi wa Okutobala, kumudzi kukada kamphepo kayaziyazi kamabwera, koma ku Ndirande kapena ku Kawale nyumba imakhala ngati uvuni mpaka pakati pa usiku. Phula la mumsewu, simenti ndi njerwa zootcha zimamwa kutentha kwa dzuwa tsiku lonse, kenaka n'kumakutulutsa pang'onopang'ono anthu atagona. Mitengo, udzu ndi dothi lonyowa zimaziziritsa mpweya potulutsa chinyezi, monga momwe thukuta limachitira pakhungu, koma m'tauni mitengo yambiri tinadula, ndipo nyumba zothithikana zimatchinga mphepo.

Choopsa n'chakuti thupi limadalira usiku kuti lipume. Likasowa mpata umenewu masiku angapo otsatizana, mtima ndi impso zimalema. Mu Ogasiti 2003 kutentha kunapha anthu pafupifupi 15,000 ku France. Ambiri anali okalamba, ndipo ku Paris ena mwa iwo ankakhala okha m'zipinda zapamwamba, pansi pa denga lachitsulo. Malata opanda siling'i amachita chimodzimodzi.

Samalani kwambiri agogo, makanda, amayi oyembekezera, odwala shuga kapena BP, komanso akabaza, mavenda ndi omanga nyumba amene amakhalira padzuwa.

Imwani madzi pafupipafupi, musadikire ludzu. Mkodzo ukakhala wochepa komanso wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Mowa sulowa m'malo mwa madzi, umangoonjezera vutolo. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe kawirikawiri, asapatsidwe madzi. Ntchito zolemetsa gwirani m'mamawa. Masana tchingani mawindo oyang'ana dzuwa, usiku atseguleni ngati kuli kotetezeka, koma mugonebe m'neti. Mbaula ikhale panja. Musasiye mwana m'galimoto yotseka, ngakhale mukuti mungothamangira m'golosale.

Munthu akayamba chizungulire, mutu, nseru, kufooka kapena kukokana kwa minofu, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa ndi kumupatsa madzi kapena Thanzi ORS.

Akayamba kubwebweta, kukomoka kapena kugwidwa khunyu, thupi lili moto, kutenthako kungakhale kutafika madigiri 40. Apa moyo uli pachiswe. Muthireni madzi ozizira thupi lonse, mukupizeni, ndipo pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo mukumuziziritsa m'njira monse. Wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Malungo aakulu amaonekanso chonchi, choncho achipatala ndiwo amuyeze.