Kutsegula m'mimba kwa magazi miyezi isanu si kamwazi ayi

Ndatopa nako kumva kuti "adokotala, amenewo ndi matenda a azungu." Crohn's ndi ulcerative colitis, matenda okhalitsa a zilonda za m'matumbo, tikuwaona konkuno, kungoti odwala amatipeza mochedwa atamwa Flagyl mpaka kutopa naye.

Chimachitika n'choti chitetezo cha m'thupi chimalusira mabakiteriya abwinobwino okhala m'matumbo, osalekanso, mpaka matumbo kuchita zilonda. Majini ali ndi mbali yake, ndipo ndikati majini sindikunena mizimu, ndikunena zija timatengera kwa makolo. Mu 2001 zinadziwika kuti jini ya NOD2, imene imathandiza thupi kuzindikira mabakiteriya, ikasintha pang'ono chiopsezo cha Crohn's chimakwera. Mu 2006 anapeza kuti jini ina, IL23R, nayonso ili ndi mbali yake, ndipo mtundu wake wina umachita kuteteza. Pano malo a m'majini odziwika kuti amakhudzana ndi matendawa apitirira 200. Koma zosintha za NOD2 zija ndi za anthu a ku Ulaya makamaka, ku Japan pafupifupi kulibe, chonsecho Crohn's kumeneko aliko. Nde zomati "kumtundu kwathu kulibe" musadalire. Ngakhale mapasa ofanana, wina amadwala mnzake osadwala. Fodya nayenso amakolezera Crohn's.

Pali mtsikana wina wa zaka 19 amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi, apo sindidzudzula munthu chifukwa TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's, koma zitakanika m'malo mobwerera kuchipatala anamutengera kwa sing'anga, chaka chathunthu. Anafika mphini zili mbwee pamimba, chitenje atazunguliza kawiri, chilonda chotuluka mafinya pafupi ndi kotulukira chimbudzi, sukulu atasiya. Mayi ake anandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu, "kodi ndine ndinamupatsira?" Ndinawauza kuti ayi mayi, simunalakwe kanthu, matendawa sapatsirana. Koma chaka chija chimandiwawabe.

Chonde musagule prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene timapereka pa matendawa, mwa nokha chifukwa mnzanu zinamuthandiza. Ngati muli ndi amiba (tizilombo toyambitsa kamwazi) kapena TB, mankhwala amenewo amafooketsa chitetezo, matenda n'kukula, matumbo atha kubooka. Ogulitsa zitsamba "zotsuka m'matumbo" pa WhatsApp aja asakudyereni ndalama. Magazi m'chimbudzi akapitirira masabata awiri, mukuonda, usiku mukudzuka kuthamangira kuchimbudzi, bwererani kuchipatala akayeze chimbudzi, ndipo pemphani akutumizeni kuchipatala chachikulu akaone m'matumbo ndi kamera n'kutapako kanyama kokayeza.