Mfunda umodzi sutanthauza bele limodzi

Sabata yathayi munabweranso bambo wina mu ofesi mwanga atanyamula envelopu ya khaki yothothoka m'mbali. Anatulutsamo fotokope ya chiphaso chake cha unzika ndi kalata ya imfa ya munthu wina amene wasiya nyumba ziwiri m'tauni. Mapepala awiriwo anawayala pamodzi patebulo, n'kuloza ndi chala pomwe palembedwa dzina lachiwiri. "Taonani a loya, ndife amodzi." Ndinawafunsa kuti malemuwo anali ndani wawo. Akuti achimwene. Ndinafunsanso ngati anayamwa bele limodzi, kapena ngati chibalecho chili kuchimuna. Anayang'ana pansi kanthawi, kenako anati, "Ndi akwathu basi. Mfunda ndi umodzi."

Ndakhala ndikugwira milandu ya chuma cha masiye zaka zambiri, ndipo mawu amenewa andikwana. Amabwera ndi osaphunzira, amabweranso ndi anthu a madigiri. Ena amawalankhula moona mtima, ena ndi akuba ovala jekete.

Tiyeni titenge dzina limene aliyense akulidziwa. Dziko lino lakhala ndi apulezidenti awiri otchedwa Banda. Dr Hastings Kamuzu Banda anali wa ku Kasungu, analamula kuyambira pa ufulu wa 1964 mpaka 1994, ndipo anamwalira mu November 1997 ku Johannesburg. Mayi Joyce Banda, amene analamula kuyambira April 2012 mpaka May 2014, anabadwira kwa Malemia ku Zomba ndipo dzina la kwawo ndi Mtila. La Banda analitenga pokwatiwa ndi a Richard Banda, amene anakhalapo mkulu wa makhoti onse m'dziko muno. Mpaka lero ndimakumana ndi anthu, makamaka akunja ndi ana athu obadwira ku Britain ndi ku Joni, amene amakhulupirira kuti mayiwa ndi mwana wa Kamuzu. Palibe chibale chilichonse pamenepo. Ku Zambia nakonso kunali a Rupiah Banda, pulezidenti kuyambira 2008 mpaka 2011, amene anabadwira ku Gwanda m'dziko la Zimbabwe komwe makolo awo ankagwira ntchito. Apulezidenti atatu, mfunda umodzi, koma palibe mmodzi amene khoti likanamupatsa ngakhale mpando wa ndalema wa mnzake.

Amene amandikhudza kwambiri ndi a Aleke Banda. Kwawo kunali ku Nkhata Bay, anabadwira ku Livingstone m'dziko la Zambia mu 1939, ndipo ali mnyamata anali pafupi kwambiri ndi Kamuzu moti anthu ambiri ankangoti ndi mwana wake. Mu 1980 Kamuzu yemweyo anawatsekera, ndipo anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu, kutuluka mu 1992. Ngakhale Kamuzu asanabwere kuchokera kunja mu 1958, mtsogoleri wa Nyasaland African Congress anali Banda winanso, a T.D.T. Banda, nawonso a ku Nkhata Bay. Mtsikana wa mpira uja wa ku Zambia, Barbra Banda, amene anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo, wobadwira ku Lusaka, ndiye mumulumikiza bwanji ndi Kasungu? Inde, alipo a Banda amene ndi apachibale enieni. Malemu Lucius Banda wa ku Balaka ndi mkulu wake Paul anali mimba imodzi. Koma tikudziwa zimenezo chifukwa makolo awo akudziwika, osati chifukwa cha zilembo zisanu zija.

Banda, Phiri, Mwale, Mbewe, Nkhoma ndi ena otere ndi mifunda, ena amati ziwongo. Ndi akale kuposa malire a Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga ankachokera kwa a Phiri, pomwe mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda, ndipo za mvula ku kachisi wa ku Msinja zinali m'manja mwa Makewana, nayenso wa kwa a Banda. Mfunda unali wolemekezerana, wothokozera ukadya nsima, woitanira mayi kuti Nabanda kapena Naphiri, wodziwira amene suyenera kumufunsira mbeta. Unasanduka dzina lachiwiri la pa pepala pamene kalaliki wa ku mishoni, wa msonkho ndi wa ku migodi anayamba kufuna mayina awiri pa munthu aliyense. Munthu ankangotchula mfunda wake, kalaliki n'kulemba. N'chifukwa chake a Phiri ndi a Banda adzaza ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni. Woimba uja Ray Phiri wa ku South Africa bambo ake anali ochokera kuno.

Tsono mbali imene anthu amaiwala, ndipo ndi imene imapweteka ana, ndi yakuti zimatembenukanso. Abale enieni nthawi zambiri sakhala ndi dzina limodzi. Kamuzu yemweyo mayi ake anali Naphiri, ndipo malume ake amene anayenda nawo ku Rhodesia ndi ku Joni anali a Hanock Msokera Phiri. Adzukulu ake odziwika lero, monga a Ken Kandodo ndi mayi Khumbize Kandodo Chiponda, satchedwa Banda. Malemu Bingu wa Mutharika anabadwa ndi dzina la Thom, la Mutharika anadzalitenga atakula. Kwa ife a chikamwini, mwana wa mlongo wako ndi wa mbumba yako ngakhale atatchedwa dzina la bambo ake a kutali. Palinso ana ambirimbiri amene analembetsedwa sukulu ndi agogo kapena malume, aphunzitsi n'kungolemba dzina la amene wabwera ndi mwanayo, ndipo dzinalo linakakamira mpaka pa setifiketi ya MSCE.

Khoti silifunsa mfunda. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1967, likuti munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iyeyo monga makolo ake. Achimwene ndi asuweni amabwera pambuyo, ngati amenewa palibe. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa ndende pa lamulo limeneli. Ndipo gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino likuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posatengera kuti anabadwa bwanji. Mwana wobadwira kunja kwa banja, wotchedwa dzina la mayi ake, ali ndi ufulu wofanana ndi amene akutchedwa dzina la bambo. Chimene woweruza amafuna ndi umboni wakuti uyu anabala uyu, uyu anakwatira uyu. Za ufumu ndi munda wa makolo zili ndi njira yake, sindizikamba lero.

Pali nkhani imodzi imene sinandichoke mumtima. Mayi wina wa kumudzi, mwamuna wake ankayendetsa lole pa kampani ina m'tauni. Ukwati wawo unali wa ankhoswe, wopanda pepala. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, ndipo popeza bambo ankakhala pamsewu, amene anakamulembetsa Sitandade 1 anali malume ake. Mwanayo anakula ndi dzina la malumewo. Kuntchito kuja bamboyu anali ndi mnzake wa mfunda umodzi, wochokera boma lina, ankachita lendi mpanda umodzi ndipo ankaitanana kuti achimwene. Anthu onse pakampanipo ankadziwa kuti ndi pachibale.

Bamboyu anafa pa ngozi. "Achimwene" aja ndi amene anathamangathamanga za bokosi, anakwera galimoto ya maliro, analankhula pamanda m'malo mwa akuntchito. Mayiyo anawathokoza mogwada. Atabwerera m'tauni, bambo uja anapeza kalata yokhala ndi chidindo yonena kuti iye ndi mbale wa malemu amene akuimira banja. Amene ankakonza za ndalama anaona mayina akufanana, nkhope akuidziwa, ndipo sanafunsenso zambiri.

Mayiyo anadikira. Anati sangayambe za ndalama misozi isanaume, anthu angamunene kuti ndiye anapha mwamuna. Anadikira mpaka sadaka itachitika. Chaka chitatha anakwera minibasi kubwera m'tauni, ndipo asanalowe n'komwe pachipata cha ofesi ya boma anakumana ndi mnyamata wa tayi, atanyamula faelo kukhwapa. "Mayi, m'katimo mungotaya nthawi. Ine ndimadziwana ndi mabwana." Anamupatsa ndalama ya mbuzi ziwiri. Mwezi wotsatira akuti faelo ili pa tebulo la bwana, pakufunika ya mafuta. Kenako akuti bwana asamutsidwa. Mayiyo anagulitsa chimanga cha m'nkhokwe. Zaka ziwiri zinapita motero.

Pamene ankafika kwa ine anali atamanga mapepala ake m'kansalu, ndipo anawamasula pang'onopang'ono pamiyendo pake. Munali chithunzi cha maliro, lipoti la sukulu la mwana, ndi timapepala ta m'kope tolembedwa ndi bolopeni pomwe dobadoba uja ankasainira ndalama. Panalibe ngakhale pepala limodzi lolumikiza mwanayo ndi bambo ake. Ndinafunsa, "Mayi, ankhoswe anu alipo?" Anati wakuchimuna anamwalira chaka chatha, wakuchikazi anapita ku Mozambique ndipo sakudziwika komwe ali. Buku la kusikelo la mwana, limene mwina munali dzina la bambo, linanyowa denga litadontha ndipo anataya.

Tinalimbana nayo. Nyakwawa ya m'mudzimo inabwera kudzachitira umboni, mlongo wake wa malemu anavomera pamaso pa khoti kuti mwanayo ndi wa mchimwene wake, ndipo kaundula wa ubatizo ku tchalitchi anatipulumutsa chifukwa abusa akale analemba mayina a makolo onse awiri. Tinapambana. Koma ndalama zinali zitadyedwa kalekale, bambo uja atasiya ntchito, alibe katundu woti n'kumulanda. Mayiyo ananyamula chigamulo cha khoti n'kuchiika m'kansalu komweko. Mtsikanayo anali atasiya sukulu ali Fomu 2 chifukwa cha fizi. Akanabwera mwezi woyamba, kalata imodzi yokha yopita kukampaniko ikanaimitsa malipirowo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Choncho ndikupemphani, lekani kudikira. Kulira malemu ndi kuteteza chuma cha ana ake sizitsutsana. Sabata yomweyo maliro akachitika, wina wa m'banjamo akadziwitse akuntchito, kubanki ndi ofesi ya DC kuti malemu asiya mkazi ndi ana, ndipo achite zimenezo polemba kalata n'kusunga kope yake yodindidwa. Za ndalama zikhoza kudikira, koma chidziwitsocho chisadikire. Mboni zimamwalira, mafumu amasintha, mapepala amadyedwa ndi chiswe.

Ndipo madobadoba aja athaweni. Munthu amene wakupezani panja pa ofesi, alibe chitseko chake, alibe lisiti, akukuuzani kuti musalowe m'kati, akufuna kukudyerani. Loya weniweni ali ndi chiphaso chogwirira ntchito ndipo mukhoza kufunsa ku Malawi Law Society ngati dzina lake lilipo. Ngati mulibe ndalama, kuli Legal Aid Bureau, imene boma linaikira anthu ngati inu. Ku ofesi ya Administrator General ndi kwa DC mukhoza kulowa nokha ndi mapazi anu. Masiku ano kwabweranso akuba a pa WhatsApp ndi Facebook, amene amakulemberani kuti munthu wina wolemera wa dzina ngati lanu wamwalira kunja opanda mwana, tumizani kandalama kochepa kuti chumacho chibwere kwa inu. Uthenga womwewo autumiza kwa a Phiri ndi a Banda zikwizikwi tsiku limodzi. Winanso amayenda m'maofesi kudzitcha mphwake wa nduna chifukwa mayina akufanana, kulonjeza ntchito ya boma kapena malo ku koleji. Mufunseni mudzi wake, mfumu yake ndi dzina la mayi ake, muone mmene asinthire nkhope.

Amene mudakali moyo, ntchito yaikulu ndi yanu. Kuyambira kalembera wa 2017 tili ndi ziphaso za unzika, ndipo ana akuyenera kulembetsedwa ku NRB, ofesi ya boma yolembera nzika, akangobadwa. Onetsetsani kuti pa chiphaso cha kubadwa cha mwana palembedwa mayina a makolo onse awiri monga alili pa ziphaso zanu, chilembo ndi chilembo. Ngati mwana ali ndi dzina lina kusukulu, lina kuchipatala, konzani panopa, asanalembe mayeso a Sitandade 8. Fomu ya penshoni imene munalemba muli mbeta, muli dzina la ndani? Pitani mukaione. Wilu sifuna chuma chambiri, imafuna kuti ilembedwe, musaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mutchulemo mwana aliyense ndi dzina limene akuligwiritsa ntchito, kuphatikizapo uja simunamuuze mayi a kunyumba.

Bambo a envelopu ya khaki aja ndinawapatsa pepala ndi cholembera kuti alembe mzere wa makolo awo kuchokera kwa agogo, kuchimuna ndi kuchikazi, kenako alembenso wa malemuwo. Wawo analemba bwinobwino mpaka kwa agogo a agogo. Pa wa malemu analemba mfunda wokha, n'kuima. Ndinawauza kuti malemuwo asiya mkazi ndi ana atatu, ndipo ngati akufunadi kuthandiza monga wakwawo, awaperekeze kwa DC Lolemba.