Madzi akasefukira, mwana asangosowa pa yunivesite

Mwana wa ku Makhanga, ku Ngabu kapena kwa Tengani akasankhidwa kupita ku yunivesite, banja limathamangira fizi, thiransipoti ndi chikwama. Za kabuku ka malamulo kamene amalandira sabata yoyamba palibe amafunsa. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yosunga kaundula wa ophunzira pa yunivesite ina ya boma, ndipo kwathu ndi kuchigwa cha Shire konkuno. Mwa ana athu amene ndawaona akubwerera kumudzi osamaliza, ambiri nzeru anali nazo. Vuto linawagwera, iwo n'kuchoka osauza munthu, malamulo n'kuwawerenga ngati olephera.

Makolo anzanga, tiyambe ndi kudziwa amene amagamula chiyani. Bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro apamwamba, limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, koma mwana akangolembetsa, nkhani zake zonse zili m'manja mwa yunivesiteyo. Pamwamba pali Khonsolo, yoona za chuma, fizi ndi kulemba ntchito akuluakulu. Za maphunziro zili ndi Seneti, kumene kumakhala mapulofesa ndi atsogoleri a magawo a maphunziro, wapampando wake ndi Vice Chancellor. Zotsatira za mayeso zimachokera kwa mphunzitsi, kudutsa ku dipatimenti, mpaka Seneti itazivomereza. Zikafika pamenepo, mphunzitsi sangazisinthe payekha ngakhale atamva chisoni chotani. Njira yotsala ndi apilo, nayo ili ndi masiku ake owerengeka. N'chifukwa chake amalume amene amakwera chitunda cha Thabwa kukachonderera mphunzitsi zotsatira zitatuluka kale amangotaya ndalama ya minibasi.

Chinanso, malamulo si amodzi paliponse. Mu 2021, Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba. Onjezanipo MUST ku Thyolo, LUANAR ndi Mzuzu University. Iliyonse ili ndi Seneti yake. Malangizo a achimwene amene anamaliza pa Poly kalekale akhoza kukhala abwino, koma cholamula ndi kabuku ka chaka chimene mwanayo analowa.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Pali njira ziwiri zochokera pasukulu, ndipo n'zosiyana kutalitali. Yoyamba ndi imene ophunzira amaitcha kuwidedwa: walephera maphunziro ochuluka kuposa amene malamulo amalola, Seneti yakuchotsa. Yachiwiri ndi kupempha wekha kuti uyambe waima chifukwa cha matenda, kusowa kwa fizi, pakati, maliro kapena ngozi ya kumudzi. Pempho likavomerezedwa, malo ako amasungidwa ndipo umadzapitiriza pa nthawi imene mwagwirizana.

Wongosowa sali m'njira yachiwiriyi, ngakhale chifukwa chake chikhale chomveka kwa aliyense. Malikisi a phunziro lililonse amachokera mbali ziwiri, ntchito ndi timayeso ta mkati mwa semesita, kenako mayeso otsiriza. Kaundula sadziwa kuti msewu waduka. Amangoona kuti dzina lakuti silinapereke ntchito, silinalembe mayeso, ndipo palibe kalata. Pamenepo pamalembedwa kulephera. Koma wodziwitsa nthawi ilipo, ali ndi umboni, akhoza kuloledwa kudzalemba mayesowo pambuyo pake ngati woyamba kumene, malikisi ake onse n'kuwerengedwa. Zimenezi n'zosiyana ndi mayeso obwereza otchedwa sapu, imene imapatsidwa kwa wolephera pang'ono, ndipo kawirikawiri ngakhale ukhoze bwanji amangokulembera malikisi ongodutsira.

Kwa ife a ku Chikwawa ndi Nsanje izi si nkhani zongoyerekeza. Madzi anatimiza mu Januwale 2015, anabweranso ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa n'kuwononga damu la Kapichira, ndipo Freddy anafika mu Malichi 2023. Nthawi ngati zimenezi mwana amene anabwera kutchuthi amatsekeredwa kutsidya. Wina ali kusukulu amamva kuti nyumba yagwa, amayi ali pa kampu, iye n'kunyamuka usiku womwewo. Ndani angamudzudzule? Ngakhale madzi asabwere, fizi imafunika poyambira semesita, pamene ndalama ya pakhomo imadikira msika wa thonje ndi chitowe, kapena nyengo yodula nzimbe ku Nchalo. Ng'ombe imene inasungidwira sukulu ikapita ndi madzi, chaka chonse chagwedezeka.

Kalata yake si yovuta. Ipite kwa Rejisitala, kudzera kwa mkulu wa dipatimenti, ndipo ofesi yoona za umoyo wa ophunzira idziwe. Mukhale dzina, nambala ya wophunzira, pulogalamu ndi chaka, chimene chachitika, tsiku lake, ndi chimene akupempha: kuimitsa semesita, kudzalemba mayeso pambuyo, kapena kulipira fizi pang'onopang'ono. Umboni ndiwo umapereka mphamvu. Wodwala atenge chikalata cha kuchipatala. Wokhudzidwa ndi madzi atenge kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo, ndipo ngati n'kotheka ina ya ku ofesi ya DC, kumene kumasungidwa maina a mabanja okhudzidwa. Ngati ulendo sukutheka, ajambule kalatayo pafoni, aitumize pa imelo, atumizenso pa WhatsApp kwa mtsogoleri wa kalasi kuti akaipereke pamanja. Tsiku limene uthenga unafika ndi limene komiti yoona pempholo imayang'ana poyamba. Ndipo asakhutire ndi mawu apakamwa akuti "tamva, pitani bwino". Adikire yankho lolembedwa, alisunge.

Amene ali pa ngongole ya boma akumbukire kuti bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndi loima palokha. Kudziwitsa yunivesite si kudziwitsa bungwelo. Ndalama imene yaperekedwa kale ndi ngongole ndithu, idzafunika kubwezedwa, choncho semesita yotayika mwachisawawa imapweteka kawiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi manyazi. Mwana amene mudzi wonse unamuperekeza pa siteji amaopa kunena kuti zinthu zavuta. Ena amakhala m'tauni miyezi, akunamizira kuti ali m'kalasi, mpaka mpata wa apilo utatha. Makolo, musamangofunsa kuti "sukulu ikuyenda?" Muuzeni akuonetseni zotsatira za semesita iliyonse pafoni, ngakhale Chingerezi chake achite kukuwerengerani mphunzitsi wa pa CDSS yapafupi. Mufunseni mofatsa, kuti akadzakhala pa mavuto adzayambe kuuza inu. Pasukulu pomwepo alipo omuthandiza: bungwe la ophunzira, magulu a mapemphero, ndi anzake ochokera kuchigwa amene ali m'zaka zapamwamba, odziwa khomo loyenera kugogoda.

Mayunivesite nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo ndimanena zimenezi kuntchito. Boma likalengeza kuti Nsanje ndi Chikwawa zili pa ngozi, si chilungamo kudikira kuti mwana amene ali pa kampu, foni yopanda moto, akwaniritse masiku omwewo ngati mnzake wa ku Ndirande. Kaundula amaonetsa boma limene wophunzira aliyense amachokera. Kuwafufuza ana amenewa ndi kuwaonjezera masiku ndi ntchito yotheka, ndipo iyenera kulembedwa m'malamulo, isamadalire mtima wa amene ali pa desiki tsiku limenelo.

Pakadali pano, mvula isanayambe, wophunzira aliyense wa kuno ajambule satifiketi yake ya MSCE, chiphaso cha unzika, kalata yomuitana ku yunivesite ndi malisiti a fizi, azitumize ku imelo yake. Alembenso papepala nambala ya ofesi ya Rejisitala ndi ya mtsogoleri wa kalasi, pepala lina asiyire makolo kunyumba.