Pangano la pulasitiki lomwe likukanikabe

Pa 2 Malichi 2022, nthumwi za mayiko 175 zinakumana ku Nairobi n'kugwirizana kuti pomafika kumapeto kwa 2024 pakhale pangano lomanga mayiko onse pa nkhani ya zinyalala za pulasitiki. Kanyundo kamene wapampando, Espen Barth Eide wa ku Norway, anamenya nako patebulo kanali kopangidwa kuchokera ku pulasitiki yakale. Anthu anawomba m'manja, ena kukumbatirana ngati ntchito yatha.

Amene anakankha kwambiri ganizoli anali Rwanda ndi Peru. Rwanda inali ndi pakamwa polankhulira, chifukwa inaletsa majumbo kale mu 2008, moti mlendo akatera ku Kigali amamulanda jumbo pabwalo la ndege pomwepo. Koma woyamba kuletsa majumbo anali Bangladesh, mu 2002, ataona kuti majumbo atseka ngalande ndipo madzi osefukira akusowa kolowera. Kenya inatsatira mu 2017.

Zokambirana zinayambira ku Punta del Este m'dziko la Uruguay, kenako Paris, Nairobi, Ottawa, mpaka ku Busan, South Korea, kumapeto kwa 2024. Kumeneko amati akamaliza kulemba panganolo. Anabwerako chimanjamanja. Anakumananso ku Geneva mu Ogasiti 2025, n'kubalalika pa 15 popanda chogwirika.

Akulimbirana chiyani? Mayiko oposa 100 akuti pulasitiki yopangidwayo ichepe, ndipo mankhwala ena oopsa amene amathiramo aletsedwe. Chaka chilichonse dziko lapansi limapanga matani oposa 400 miliyoni, ndipo yomwe imakonzedwanso n'kugwira ntchito ina siifika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi. Yotsalayo imawotchedwa, imakwiriridwa, kapena imapita ndi madzi. Koma pulasitiki imachokera ku mafuta ndi gasi, choncho Saudi Arabia, Russia ndi Iran akuti panganolo lingokamba za kutola ndi kusamalira zinyalala, mafakitale asawakhudze. Popeza pamisonkhanoyi chinthu chimadutsa pokhapokha onse atavomera, mayiko ochepa okha akapukusa mutu zonse zimaima. Ine ndimaona kuti otola zinyalala, ngakhale atachuluka bwanji, sangapambane ndi fakitale yomwe ikugwira ntchito usana ndi usiku.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo. Boma la Malawi linaletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60 kuchindikala kwake (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), mu 2015. Makampani opanga majumbowo anathamangira kukhoti kukatenga chiletso, ponena kuti anthu ambiri achotsedwa ntchito. Mlandu unatenga zaka, majumbo akuchulukirachulukira mumtsinje wa Mudi ndi wa Lilongwe. Gloria Majiga-Kamoto, yemwe ankagwira ntchito ndi alimi, anaona mbuzi zikufa chifukwa chodya majumbo, ndipo anasonkhanitsa mabungwe ndi anthu wamba kuti akakamize akuluakulu kuweruza mlanduwo. Mu Julayi 2019 bwalo la Supreme linagamula kuti lamulo loletsalo likhalepo, ndipo mu 2021 mayiyu analandira mphoto ya oteteza chilengedwe ya Goldman Environmental Prize.

Chigamulocho sichinatseke pakamwa makampani, chifukwa anabwereranso kukhoti kukatenga ziletso zina. Ogulitsa chipisi, makala ndi tomato anapitiriza kumangira makasitomala awo m'majumbo omwewo, a buluu aja, oti ukangowanyamula pang'ono ang'ambika.